Nyama yaiwisi ya mafereti: momwe ndimaisungira mu firiza ndi kuisungunula

Mafereti athu alipo awiri, Bonya ndi Usipa. Bonya ndi wamphongo, nthawi yozizira amafika makilogalamu 1.6. Usipa ndi wamkazi, wowonda ngati dzina lakelo, ndipo sanapitirirepo magalamu 800. Tinawatenga kumalo osungirako ziweto zosowa mwini kuno ku Leeds, mwana wanga wamkazi atandichonderera chaka chathunthu. Ngati simunamuonepo fereti, ganizirani likongwe wathupi lalitali ndi timiyendo tatifupi, koma woweta pakhomo. Ali m'banja limodzi ndi kanyimbi, ndipo mukamunyamula kafungo kake kamachitira umboni. Kuno ku Yorkshire anthu anayamba kalekale kuweta tinyamati, alenje amatilowetsa kuuna kuti titulutse akalulu.

Fereti amadya nyama basi. Matumbo ake ndi aafupi, chakudya chimalowa n'kutuluka m'maola atatu kapena anayi, ndipo chimanga, mpunga kapena zipatso sizimupindulira kanthu. Awiriwa anabwera atazolowera kale nyama yaiwisi. Fereti akakula ndi chakudya china, kumusinthira n'kovuta, amangochinunkhiza n'kuchoka ngakhale njala ili m'mimba. Ndiye ndinapitiriza momwe anazolowera, ndipo zaka zinayi tsopano theka la firiza yanga ndi lawo.

Musanagule n'komwe nyama, gwirani ichi: firiza siipha majeremusi onse. Salmonella, Campylobacter, Listeria ndi E. coli akafika pa -18°C amangogona. Ena amafa ndithu, koma ambiri mwa otsalawo nyama ikangofunda amadzuka n'kuyamba kuswana pomwe analekezera. Nyama yolowa mu firiza itayamba kale kuwonongeka imatulukamo ili yowonongeka. Fereti amatha kudwala nayo, koma amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi anthu a m'nyumba. Mu 2017 kuno ku England anthu anayi anadwala E. coli O157, mmodzi anamwalira, ndipo a bungwe la boma loona zaumoyo la Public Health England atafufuza anapeza kuti atatu mwa iwo anakhudzana ndi agalu odyetsedwa nyama yaiwisi. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ndaona ndi maso momwe kutsekula m'mimba kwa masiku awiri kumafoolera gogo wazaka 85. Ngati m'nyumba mwanu muli mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka zisanu, wokalamba kapena wina amene chitetezo chake cha m'thupi n'chotsika, kambiranani kaye ndi dokotala wa ziweto. Chakudya chouma cha mafereti chokhala ndi nyama yambiri chilipo, ndipo palibe cholakwika kusankha chimenecho.

Ndimagula kawiri pamwezi, Loweruka m'mawa, ku Kirkgate Market ndi kumabutchala a halal: mapiko ndi makosi a nkhuku, ntchafu, nthutumba, mitima ya nkhuku kapena ya nkhosa, chiwindi, impso, mwa apo ndi apo zinziri. Ndimanyamula chikwama chosunga kuzizira muli mabotolo awiri a madzi oundana. Nyama ndimagula pomaliza penipeni, kenako molunjika kunyumba, osapatukira kwa mnzanga kukacheza. Ya m'sitolo yomatidwa kapepala kachikasu kotsitsa mtengo ndimatenga, bola tsiku lake lisanapitirire ndipo ilowe mu firiza tsiku lomwelo. Werengani zolembedwa papaketi. Nkhuku ina amaithira madzi amchere, ina yapakidwa adyo ndi anyezi. Imeneyo, pamodzi ndi soseji, bekoni ndi nyama yowamba, si ya fereti.

Ntchito yeniyeni ili patebulo la kukhitchini masana a tsiku lomwelo, nyama isanaundane. Miyezi yoyamba ndinkangoponya mu firiza thumba lonse la mapiko, makilogalamu awiri, momwe ndabwera nalo. Likaundana linkasanduka mwala umodzi. Kuti nditengepo mapiko awiri ndinkasungunula lonse, otsala n'kubweza, mkuja chimodzimodzi. Pofika sabata yachiwiri mapiko aja anali atasungunuka ndi kuundana kasanu, akuterera m'manja, Usipa n'kuwakana. Iye anaona cholakwika ine ndisanachione.

Masiku ano ndimachita chonchi. Ndili ndi thabwa lofiira lodulirapo nyama yawo yokha, mpeni wake, sizasi yolimba yodulira mafupa a mapiko, ndi kasikelo ka kukhitchini. Nyama yonse imadikira mu firiji, ndimatulutsa mtundu umodzi, kudula, kubweza, n'kutenga wina, kuti pasakhale nthuli yokhala patebulo kupitirira theka la ola. Kajumbo kalikonse ndi chakudya cha tsiku limodzi cha awiriwa. Kwathu ndi magalamu 150 nthawi yotentha ndi 200 nthawi yozizira, chifukwa mafereti amadya kwambiri n'kunenepa dzinja la kuno likamayandikira, dzuwa likabwerera n'kuwondanso. Anu akhoza kusiyana ndi anga, choncho yezani zomwe akumaliza kwa sabata imodzi muone. Posakaniza ndimayang'ana sabata yonse osati tsiku limodzi: pa magawo 10, magawo 8 ndi mnofu, kuphatikizapo mtima ndi nthutumba, gawo limodzi mafupa, limodzi lotsalalo chiwindi ndi impso. Chiwindi chikachuluka amatsekula m'mimba, ndipo vitamini A wake akaunjikana m'thupi amavulaza. Mafupa akachuluka mudzaona chimbudzi chouma, chotuwa ngati choko. Chiwindi chimavuta kudula chifukwa choterera, koma mukachiika mu firiza mphindi 40 chiyambe kulimba, mpeni umadutsa bwino ndipo mumapeza tizidutswa tofanana.

Mukaika nyama m'kajumbo, finyani mpweya wonse utuluke, kenako muisalaze ndi chikhatho ikhale yopyapyala, kukhuthala kwake kusapose chala. Yopyapyala imaundana msanga, imasungunukanso msanga, ndipo tsiku lina mudzathokoza. Lembanipo tsiku ndi zomwe zili mkatimo, pakuti zikaundana mtima wa nkhosa ndi impso simungazisiyanitse. Usiku woyamba yalani timajumbo motalikirana. Mukaunjika mulu, za pakati zimachedwa kuundana. Mawa lake ndiye muzitiimika mondondozana, zatsopano kumbuyo, zakale kutsogolo.

Gulani timathemomita tiwiri totchipa, kena ka mu firiza, kena ka mu firiji. Firiza ikhale pa -18°C kapena kuzizira kuposa pamenepo, ndipo firiji, malinga ndi a Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chitetezo cha chakudya kuno, ikhale pakati pa 0 ndi 5°C. Manambala a pa kabatani kozunguliza kaja si madigiri ayi. Yanga nditaiyeza koyamba inali pa 9°C, chonsecho ndinkaiona ngati yozizira bwino. Amene muli m'chipinda cha lendi chokhala ndi kafiriji kokhala ndi kabokosi ka ayezi mkati, werengani nyenyezi pachitseko cha kabokosiko. Imodzi ndi -6°C, ziwiri -12°C, zitatu -18°C, ndipo zinayi ndiye kuti kakhoza kuundanitsa nyama yongogulidwa kumene. Ka nyenyezi imodzi n'kosungira masiku ochepa chabe.

Pomwe firiza imathandizadi ndi pa tizilombo tokhala m'mnofu, monga Toxoplasma ndi nyongolotsi zina, koma imafuna nthawi. Nkhuku ya m'butchala ndimadyetsa ngakhale tsiku lomwe ndagula. Kalulu wakutchire amene mnansi wathu wosaka amatipatsa ndimamuchotsa matumbo n'kumusiya mu firiza milungu inayi, nkhumba milungu itatu. Nyongolotsi ya Trichinella yopezeka mu nkhumba zoweta imafa pa -15°C pakatha masiku 20 ngati nthuli si yokhuthala kwambiri, koma mitundu ina ya nyongolotsiyi, ya mu nguluwe ndi nyama zina zakutchire, imapirira kuzizira. Nguluwe yaiwisi sindipereka n'komwe. Nsomba imagona mu firiza sabata yathunthu, ndipo amadya kamodzi kokha pasabata, chifukwa zina monga herring ndi carp zili ndi chinthu chowononga vitamini B1 chomwe kuzizira sikuchotsa. Pa akalulu ndimalandira ogwidwa mu ukonde okha. Owomberedwa ndi mfuti amatsala ndi tizidutswa ta mtovu tomwe simungatimve ndi chala, ndipo kanyama ka magalamu 800 sikafuna mtovu wambiri kuti kadwale.

Mavairasi nawonso firiza imangowasunga. Mafereti amatenga chimfine mosavuta, ngakhale cha ife anthu, n'chifukwa chake asayansi akhala akuwagwiritsa ntchito pofufuza chimfine kuyambira 1933 ku London. Mu 2023 ku Poland amphaka ambiri anafa ndi chimfine cha mbalame cha H5N1, ndipo mafereti ena oweta anapezeka nachonso. Bakha wakutchire, tsekwe kapena mbalame yotola yakufa, musapereke, ngakhale itakhala mu firiza chaka.

Anapiye atsiku limodzi ndi mbewa zoundana zimagulitsidwa m'masitolo a ziweto, ndipo ndi chakudya chabwino chifukwa fereti amadya zonse, ubweya, mafupa ndi zamkati. Amayi ku Dedza nditawauza pafoni kuti ndimagula mbewa, anandifunsa ngati ndi kapuku. Ndinawauza kuti izi ndi zoyera, zoweta, ndipo ndi za Bonya. Mbewa zoterezi zadwalitsapo anthu Salmonella kuno ku Britain, choncho zimakhala m'kontena yakeyake yotseka, m'dirowa ya pansi, kutali ndi ndiwo zathu. Zonse zawo sindizisunga kupitirira miyezi itatu, makamaka nyama yogaya, chiwindi ndi yamafuta. Mukaona mawanga otuwa, owuma, ndiye kuti m'kajumbo munalowa mpweya. Sizivulaza, koma kukoma kumakhala kutapita.

Tsopano kusungunula, komwe ambiri timalakwitsa chifukwa cha changu. Malo ake ndi mu firiji, pa shelefu ya pansi penipeni, kajumbo kali m'kontena yokhala ndi chivundikiro kuti madzi ake asadonthere pa masamba kapena pa nsima yotsala. Kajumbo kopyapyala kamasungunuka usiku umodzi. Zinziri yathunthu kapena ntchafu ya kalulu imafuna tsiku lathunthu. Ine ndimagwira ntchito usiku, ndiye ndinazimangirira ku chinthu chomwe sindingaiwale: ndikatenga chakudya changa cha kuntchito mu firiji 7 koloko madzulo, dzanja lomwelo limatsitsa kajumbo ka mawa kuchoka mu firiza. Ndikafika m'mawa kamakhala katafewa. Theka amadya pomwepo, theka madzulo. Nyama ikasungunuka idyedwe pasanathe maola 24. Listeria amaswana ngakhale mu firiji, pang'onopang'ono, kotero firiji si malo oti nyama yosungunuka izigonamo masiku atatu.

Kusiya nyama pa mbale m'khitchini usiku wonse, monga tinkachitira ambirife, n'koopsa chifukwa chakuti kunja kwa nthuli kumafunda kale pomwe mkati mudakali mwala. Pakati pa 8°C ndi 63°C m'pomwe majeremusi amaswana mofulumira, ena kuwirikiza pa mphindi 20 zilizonse, ndipo nyumba za kuno zimakhala zofunda ndi mahita ngakhale kunja kuli chisanu. Mukamafika m'mawa nyama imaoneka bwino, fungo palibe, koma pamwamba pake pakhala pali pofunda maola asanu ndi limodzi.

Madzi ofiira otsalira m'kajumbo musataye. Muli taurine, chinthu chomwe mtima wa fereti umafuna kuti ugwire bwino ntchito, ndipo chimasungunukira m'madzi nyama ikamafewa, makamaka ya mtima. Ndimathira m'mbale yawo pamwamba pa nyamayo, Bonya amayamba kunyambita amenewo. Ndipo nkhuku musatsuke. Ndikudziwa, tonse tinakula tikutsuka nkhuku tisanaike mumphika, ndipo ine zinanditengera nthawi kuti dzanja lileke. Koma madzi a pampopi sachotsa Campylobacter, amangomuwazira pa sinki, pa makapu ndi pa malaya anu.

Tsiku loiwala limabwera. Likafika, ikani kajumbo kotseka bwino m'beseni la madzi ozizira a pampopi, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse. Kopyapyala kamafewa pasanathe ola. Yosungunula chonchi perekani pomwepo, yotsala itayeni. Madzi otentha ayi, ndipo microwave ayi ndithu. Microwave imaphika m'mbali pomwe pakati padakali ayezi, ndipo fupa likapsa ngakhale pang'ono limauma n'kumasweka tizidutswa takuthwa tomwe tingabaye pakhosi kapena m'matumbo. Fupa laliwisi la phiko ndi lofewa, fereti amalitafuna mpaka kutha, likumutsukanso mano. Musamusiye fereti ndi njala n'kumati adya madzulo. Ndi matumbo aafupi aja sachedwa kufooka, ndipo achikulire ambiri amadwala insulinoma, chotupa chomwe chimatsitsa shuga m'magazi. Ine ndimasunga timajumbo tingapo ta nyama yogaya topyapyala kwambiri, tosungunuka m'madzi pa mphindi 20, kuti tsiku lotero lisandivute.

Usipa sadya nyama yozizira kwambiri. Chake ndimachiviika, chili m'kajumbo, m'madzi ofunda pang'ono mphindi zisanu ndisanamupatse. Kufunditsa kotere n'kwa nyama yosungunuka kale yomwe ikudyedwa pomwepo, osati njira yosungunulira. Bonya alibe nazo ntchito, nthawi yotentha amakonda khosi la nkhuku lokhala ndi kaayezi mkati.

Nanga kubwezanso mu firiza? Mukagawa musanaundanitse, funsoli silibwera. Limabwera mukagula nyama youndana kale, chibuma cha kilogalamu imodzi. Chimenecho ndimachiika mu firiji mpaka mpeni uyambe kulowa koma ayezi adakalimo, ndimadula msangamsanga, kugawa m'timajumbo n'kubweza nthawi yomweyo, kamodzi kokha. Yomwe yasungunuka kotheratu, kapena yafika kale m'mbale yawo, sibwereranso.

Pali khalidwe lina la mafereti lomwe lingawononge chisamaliro chonsechi: amabisa chakudya. Mu Julaye 2022, masiku omwe kutentha kunafika 40°C koyamba kuno ku Britain, m'chipinda chochezera munayamba kafungo. Ndinatsuka khola lawo, ndinachapa makatani, kafungo kali pompo. Tsiku lachitatu mwana wanga anagwada n'kuunika ndi foni kunsi kwa sofa. Nsalu ya pansi inali itang'ambidwa kabowo, ndipo m'katimo munali mapiko atatu ndi mutu wa zinziri, zobiriwira, ntchentche zitaikira kale mazira. Ndinatulutsa nditavala magolovesi, mtima ukugunda poganiza kuti Bonya akhoza kukhala ankabwererako kukadya. Mwamwayi sanadwale. Kuyambira pamenepo amadyera m'khola lotseka, momwe ndinaikamo bokosi la pulasitiki lobooledwa m'mbali. Amakokera nyama yawo m'menemo poganiza kuti abisa, ine n'kumadziwa poyang'ana. Ndimawerenga nthuli polowetsa, ndipo satuluka kukasewera mpaka nditaona kuti zadyedwa kapena ndazichotsa. Nyama yogaya ndimachotsa pakatha maola awiri kapena atatu, nthuli zokhala ndi fupa zimatha kukhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo nthawi yozizira, koma kukatentha chilichonse ndimachotsa pakatha ola limodzi kapena awiri.

Mbale zawo ndi zachitsulo, chifukwa za pulasitiki zimakandika ndipo m'mikwingwirimamo mumabisala majeremusi. Ndimatsuka ndi madzi otentha ndi sopo akangomaliza kudya, ndi siponji yawoyawo, pomaliza mbale zathu zitachoka kale mu sinki. Thabwa, mpeni, sinki ndi chogwirira cha firiji ndimapukuta ndi mankhwala ophera majeremusi. Manja ndi sopo masekondi 20, ndipo mwana wanga amadziwa kuti fereti amene wangodya kumene sapsompsonedwa pamphuno.

Magetsi kuno sazimazima, koma firiza imatha kufa, kapena wina kusiya chitseko chosatseka bwino. Zikatero musamatsekuletsekule. Firiza yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, yodzaza theka maola 24, pomwe firiji ndi maola anayi okha. N'chifukwa chake mipata yonse ya mu firiza yanga ndimaitseka ndi mabotolo a madzi oundana, omwe aja ndimapita nawo kumsika. Firiza ikayambanso kuzizira, gwirani kajumbo kalikonse. Kolimba, kapena komwe mukumva ayezi mkati mukafinya, kasiyeni. Kofewa koma kozizirabe ngati kochokera mu firiji, adye lero lomwe. Kofunda katayeni m'bini ya panja, mutamanga thumba kawiri kuti nkhandwe za m'tauni zisafwanthule.